Chipika chisemedwe ndi muyeso, chinyamulidwe ndi chiuno

Akonzi,

Tiloleni tilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anyamata ndi atsikana onyamula zitsulo kuno ku Mulanje, kuyambira pa Chitakale ndi paboma mpaka ku Limbuli ndi ku Muloza, osaiwala anzathu a ku Luchenza ndi ku Thyolo. Majimu athu ambiri ndi a kuseri kwa nyumba: benchi ya matabwa, paipi ya madzi, ndi simenti youmbira m'zitini za penti. Pamalo otere aliyense amathamangira benchi ndi kupinda mikono, koma zonyamula katundu kuchoka pansi mpaka kumuimika pamwamba pa mutu zimasiyidwa, chonsecho ndizo zimaonetsa ngati munthu ali ndi dzitho thupi lonse. Chida chophunzitsira bwino mphamvu imeneyi ndi chipika, ndipo mitengo yake tili nayo pakhomo pomwe. Vuto ndi lakuti zipika zochepa zimene zayamba kuoneka m'majimu zimasemedwa mwa m'maso, ndipo anyamata amazikoka ndi mikono mmene amapindira paipi. Ziwirizi ndizo zimavulaza anthu.

Chipika ndi chimodzi mwa zida zodziwika za masewera a strongman, opikisana mphamvu ponyamula zinthu zolemera, amene mpikisano wake waukulu, World's Strongest Man, unayamba mu 1977. Poyamba chinali mtengo weniweni wokhala ndi zogwirira mkati. Lero zambiri ndi zachitsulo. Žydrūnas Savickas wa ku Lithuania anakweza makilogalamu 228 mu 2015, ndipo panapita zaka zisanu ndi chimodzi wina asanapose pamenepo. Amene anaposa ndi mwana wa mu Africa muno, Cheick Sanou wa ku Burkina Faso, wodziwika kuti Iron Biby. Iye anakweza 229 ku Glasgow mu 2021, kenako 230 mu 2023 ndi 231 mu 2024. Tikutchula izi kuti wina asaganize kuti ndi masewera a azungu okha.

Tiyambe ndi mtengo. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje usakhudzidwe n'komwe. Ndi wotetezedwa, watsala pang'ono kutheratu, ndipo jimu yosema chipika cha mkungudza ikudziitanira mlandu. Bulugamu ndi paini ndizo zoyenera, zogula kwa munthu amene anadzala yekha kapena kwa ogulitsa a chilolezo. Sankhani chigawo chowongoka, chopanda mfundo zikuluzikulu, chosafumbwa, chotalika mita imodzi ndi theka. Kunenepa kwake, poyeza kudutsa pakati pa nkhope yodulidwa, pa mipikisano ya abambo kumakhala masentimita 30, pomwe cha amayi ndi oyamba kumene chimakhala cha 25. Ife sitilimbikitsa chipika cha mtengo chochepera 25, chifukwa mukagoba malo olowetsa manja makoma ake amatsala opyapyala ndipo amang'aluka.

Kulemera kwake mutha kukudziwiratu musanagule. Chipika cha masentimita 30 chotalika mita ndi theka, ngati ndi bulugamu wamuwisi, chimayandikira makilogalamu 100. Chikauma chimatsikira cha m'ma 60 kapena 70. Paini wouma wa muyeso womwewo amakhala cha m'ma 50, ndipo wa masentimita 25 cha m'ma 35. Mukagoba mphako ziwiri pamachoka makilogalamu angapo. Choncho jimu imene ikuyamba kumene igule paini wa 25, ndipo bulugamu wa 30 adikire anthu atazolowera. Kumbukiraninso kuti mtengo wonenepa chotere suuma m'miyezi iwiri, makamaka kuno kumene chiperoni ndi mvula sizisowa. Chimapepuka pang'onopang'ono kwa chaka kapena kuposerapo. Mnyamata amaona ngati akulimba pomwe chipika ndicho chikutaya madzi. Muzichitengera pa sikelo ya ogula nandolo kamodzi pa mwezi, nambala yake muziilemba ndi choko pa chipikapo.

Chotsani makungwa mtengo ukadali wauwisi, muuike pamthunzi pamwamba pa njerwa kuti chiswe chisaupeze, ndipo nkhope ziwiri zodulidwazo muzipake penti yokhuthala. Bulugamu amang'aluka kuyambira kumapeto chifukwa kumeneko kumauma msanga kuposa mkati. Wowotcherera zitsulo akupangireni malamba awiri a chitsulo chophwatalala, cha mamilimita 3 kukhuthala ndi 40 m'lifupi, omanga ndi bawuti kuti muzitha kumangitsa mtengo ukamaphwa.

Pamene amisiri ambiri amalakwitsa ndi apa. Amatenga tepi, napeza pakati pa kutalika, nayamba kugoba. Koma mtengo umanenepa kutsinde n'kumaonda chakunsonga, ndiye pakati pa tepi si pakati pa kulemera. Gonekani paipi pansi, kwezani chipika chopingasa pa paipiyo, muchisunthe mpaka chitakhazikika chosapendekera mbali iliyonse. Pamenepo lembani mzere. Kuchoka pa mzerewo yezani masentimita 31 kumanja ndi 31 kumanzere: ndi pamene padutse zogwirira, kuti zitalikirane masentimita 62. Pakati pa 60 ndi 65 paliponse ndi pabwino. Mukazifupikitsa kwambiri zigongono zimapanikizana ndi mimba. Mukazitalikitsa, mapewa a munthu wamng'ono thupi amavutika. Chipika chogobedwa mosatsata kulemera chimapendekera dzanja limodzi nthawi zonse, ndipo phewa la mbali imeneyo ndilo limayamba kuwawa.

Mphako iliyonse ikhale ya masentimita 16 motsata kutalika kwa chipika, ndi 14 mpaka 16 mopingasa. Kuya kwake kupitirire pakatikati pa mtengo ndi masentimita 5 kapena 6, kuti zala zikafumbata chogwirira zisakhule pansi. Pa chipika cha 30 ndiye kuti mugoba masentimita 21. Pa cha 25 mugoba 18. Kalipentala aboole mabowo ambiri oyandikana kenako achotse zotsala ndi tchizulo. Milomo ya mphako aizungulitse bwino ndi kuisalaza ndi sandipepa, chifukwa mkono umagona pamenepo chipika chikafika pachifuwa, ndipo mlomo wakuthwa umasupula khungu tsiku loyamba lomwe. Zogwirira zimapingasa chipika, ndiye kuti zikhatho zimayang'anana. Gwiritsani paipi yolimba ya mamilimita 28 mpaka 32, mkati mwake mudutse bawuti yaitali ya mamilimita 16, yomanga ndi washala wamkulu ndi nati mbali zonse. Mitu ya mabawuti ndi manati imire mkati mwa mtengo. Nati yotulukira kunja imadzakanda mimba ndi chifuwa pamene chipika chikugubuduka. Zogwirira zonse ziwiri zikhale pa mzere umodzi ndiponso pakatikati penipeni pa mtengo. Chimodzi chikapotoka pang'ono, dzanja limodzi limapindika kuposa linzake.

Zoonjezerera kulemera, boolani pakati pa nkhope iliyonse masentimita 25 kulowa mkati, mukhomeremo chitsulo chodzadza cha mamilimita 25, chotsala kunja masentimita 25 enanso, ndipo muchitsekere ndi bawuti yopingasa kuti chisasololoke. Pa chipika cha mtengo musapachike zoposa makilogalamu 20 mbali imodzi. Ofuna cha chitsulo apite kwa wowotcherera ndi paipi yaikulu ndi miyeso yomweyi. Koma tikupempha ndi mtima wonse, musadule silinda yakale ya gasi kuti ikhale chipika. Ngakhale ioneke yopanda kanthu, mpweya wotsalira umaphulika ndi moto wa chodulira.

Malo ochitira akhale osalala, osaterera, ndipo pamwamba pakhale danga la mamita awiri ndi theka. Makonde athu ambiri a malata safika pamenepo, ndiye kuli bwino panja. Gonekani matayala awiri akutha, limodzi pansi pa mapeto alionse a chipika. Chimanyamulidwa kuchoka pa matayala ndipo chimabwerera pa matayala. Pa simenti chimang'aluka.

Tsopano kanyamulidwe. Musanachikhudze, mvetsani chimene chimasiyanitsa chipika ndi chitsulo wamba. Chitsulo cha mamilimita 28 chikakhala pachifuwa, pakati pa kulemera kwake pamatalikirana ndi thupi sentimita imodzi ndi theka basi. Chipika cha 30 pamatalikirana masentimita 15. Kulemera konse kuli kutsogolo kwanu, kukukokerani chogwa chafufumimba, ndipo msana wa kumtunda ndi mimba ndizo zimakana. N'chifukwa chake munthu wokankha bwino chitsulo amadabwa kuti chipika chopepukirapo chikumukanika. Mikono si imene yafooka. Sanaphunzire kuchisunga pafupi ndi thupi.

Aliyense amene anakwezapo thumba la chimanga la makilogalamu 50 paphewa akudziwa kale theka la lusoli. Thumba salikweza ndi mikono. Amalifikitsa pantchafu, nalifungatira, kenako chiuno ndicho chimaliponya m'mwamba. Chipika chimayenda momwemo.

Imani mapazi atatalikirana ngati m'lifupi mwa mapewa kapena kuposerapo pang'ono, chipika chitakhudza miyendo. Chigubuduzeni pang'ono kuti pakamwa pa mphako payang'ane m'mwamba mopendekera kutsogolo, osati kwa inu. Lowetsani manja, gwirani pakati pa zogwirira. Kupendeketsa kumeneku kumachititsa kuti zigongono ziyambe zili pamwamba pa chipika, ndipo kumasiya mpata woti chidzagubuduke. Msana uwongoke, kokani mpweya, limbitsani mimba, dzukani nacho mpaka chidutse mawondo. Chikangodutsa, khalani pansi monyonyomala kuti chigone pantchafu pafupi ndi chiuno.

Apa pantchafu ndi pamene nkhani yonse imagona, ndipo ndi pamene anyamata amafulumira. Musafulumire. Chikokereni kwa inu mpaka chikanikize pamwamba pa mimba, m'munsi mwa chifuwa. Pasatsale mpata wolowa ngakhale chikhatho pakati pa inu ndi mtengo. Chifuwa chitsamire pa chipika, zigongono ziloze m'mwamba ndi kunja, osati kumbuyo. Munthu woima kumbali aziona zigongono zanu zili pamwamba kuposa manja. Mukakhala bwino pamenepa mumamva kulemera kuli pa zidendene ndi pantchafu, mikono ikungochikanikiza chabe. Kokani mpweya wambiri tsopano, chifukwa chikafika pachifuwa simudzaupezanso wokwanira.

Kenako dzukani mwamphamvu kamodzi n'kamodzi, chiuno chikukankhira kutsogolo ndi m'mwamba. Chipika chisasiyane ndi thupi. Chimagubuduka chokwera pamimba ndi pachifuwa, ndipo pamene chikugubuduka zigongono zimazungulira kuchoka pamwamba kulowa pansi pake mpaka kutulukira kutsogolo. Mutu ubwerere m'mbuyo pang'ono kuti chibwano chipatse njira. Zikayenda bwino sipamveka phokoso, chimangofika n'kukhala pamwamba pa chifuwa. Chikamveka kuti phu pachifuwa, ndiye kuti chinachoka pathupi ndipo mwachilandira chikugwa.

Cholakwa choopsa kwambiri ndi kuimirira chiriri kenako n'kuyesa kuchipinda ndi mikono. Mnofu wa kutsogolo kwa mkono, uja anyamata amakonda kuonetsa, umalumikizidwa kuchigongono ndi mtsempha umene sunapangidwire katundu wa makilogalamu 80 wokokedwa modzidzimutsa. Ukaduka pamamveka kuthetheka, mnofu umakwinyikira kumtunda, pamatupa ndi kuda, ndipo kuubwezeretsa kumafuna opaleshoni yochitika msanga. Zikachitika pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osathowa ndi madzi otentha n'kumadikira. Njira yopewera ndi imodzi: ngati chipika sichikugubuduka ndi chiuno, chepetsani kulemera. Wophunzitsa akaona zigongono zikuloza kumbuyo pantchafu, aimitse munthuyo asanadzuke.

Chikafika pachifuwa, chizigona pathupi, osati m'manja. Zigongono zikhale kutsogolo ndi m'mwamba, chibwano chikwezeke, maso ayang'ane chakumwamba chifukwa kutsogolo mtengo watchinga. Finyani matako, limbitsani mimba, mawondo awongoke. Kupendekera kumbuyo pang'ono kulipo ndithu, koma kuzichokera kumtunda kwa msana potukula chifuwa, osati kupinda m'chiuno. Munthu amene matako ake ali lobodo amathyokera m'chiuno, ndipo ndiye amadandaula msana mawa lake.

Pamenepa musachedwepo. Chipika chimapanikiza chifuwa ndi khosi, mutu uli chagada, mpweya mwaugwira, ndiye chizungulire chimabwera msanga, ndipo ena amakomoka ali chiimire. Masekondi awiri kapena atatu akwana: pumirani pang'ono pokha osafooketsa mimba, khazikikani, kankhani. Mukaona m'maso mukuda kapena makutu akulira, chitsitseni pa matayala ndipo mugwade pansi pomwepo. Mnzanu woyang'anira aziima kumbuyo kwanu chakumbali, kuti agwire munthu osati chipika. Kutsogolo kusaime aliyense, makamaka ana amene amakonda kudzaonerera.

Kukankha kuli mitundu itatu. Koyamba ndi kwa mapewa ndi mikono yokha, miyendo ili nji. Kachiwiri ndi kothandizira ndi miyendo, komwe ndiko ambiri amagwiritsa pa mpikisano. Kachitatu ndi kukankha kenako n'kulowa pansi pa chipika popinda mawondo kachiwiri kapena potaya mwendo umodzi kutsogolo wina kumbuyo. Kumeneku kusiyireni amene atha chaka ali pa chipika, chifukwa mapazi suwaona.

Pothandizira ndi miyendo, tsikani pang'ono chabe, masentimita 8 mpaka 10, mawondo akutsegukira kunja motsata zala za kumapazi, thupi lili chilili, kulemera kuli pakati pa phazi ndi chidendene. Tsikani modekha, dzukani mwaukali. Miyendo ndiyo imachotsa chipika pachifuwa mpaka chidutse pamphumi, mikono imamalizitsa. Zinthu ziwiri zimaononga apa. China ndi kutsikira pa zala za kumapazi, mawondo n'kupita kutsogolo: chipika chimaulukira kutsogolo ndipo mumachithamangira. China ndi kugwetsa zigongono potsika: chipika chimagubudukira m'munsi masentimita angapo, mphamvu ya miyendo n'kuthera m'malere. Zonse ziwiri zimachira ndi ntchito imodzi. Tengani kulemera kochepa, tsikani, imani pansipo masekondi awiri zigongono zili m'mwamba, kenako kankhani. Chitani katatu motsatizana kenako mupume, imeneyo ndiyo seti imodzi; maseti anayi, kwa masabata angapo.

Njira ya chipika si yolunjika m'mwamba mokha. Imapita m'mwamba ndi kumbuyo, kuti chikathere pamwamba pa msana ndi zidendene. Chikangodutsa mutu, lowetsani mutu kutsogolo pakati pa mikono, maso abwerere kuyang'ana patsogolo. Ambiri amalephera masentimita omaliza chifukwa amapitiriza kuyang'ana chipika, ndiye chimatsala kutsogolo kwa nkhope kumene mikono ilibe mphamvu. Pamwamba zigongono ziwongoke, mawondo awongoke, mapazi akhale pa mzere umodzi, ndipo muime osagwedezeka sekondi yathunthu. Potsitsa, chilandireni pachifuwa mawondo atapindika pang'ono, chigubuduzireni pantchafu, kenako pa matayala. Kuchiponya kuchokera pamwamba kumathyola chipika, ndipo chikadumpha pa tayala chimabwerera pa miyendo.

Zovala zili ndi gawo lake. Malaya a mpira oterera aja ndi mdani. Valani a thonje, ouma. Masiku a chinyezi pakani choko pachifuwa pa malaya ndi m'manja. Chipika musachipake vanishi kapena oyilo pakati pamene chimakhudza thupi. Ngati muvala lamba, chomangira chake chitembenuzireni kumbali kapena kumbuyo, apo ayi chipika chimakodwa pamenepo kapena kutsina khungu la pamimba. Nsapato zikhale zolimba pansi. Patapata ndi nsapato zofewa zothamangira zimapotokola phazi nthawi yokankha.

Za ndondomeko ya sabata, kawiri pa sabata n'kokwanira, masiku awiri kapena atatu pakati. Mwezi woyamba ukhale wa chipika chopanda zoonjezera: kuchifikitsa pantchafu, kuchigubuduzira pachifuwa, kuchibweza, maseti asanu a katatu, kenako kukankha ndi mapewa okha maseti atatu a kasanu. Amene sangakankhe chipika chopanda kanthu kasanu apitirize kaye ndi paipi yopepuka, kwinaku akuphunzira kugubuduza kokha.

Mwezi ukatha, pezani kulemera kumene mungakweze kamodzi mwaukhondo, osadzikakamiza mpaka kunjenjemera. Tinene kuti ndi makilogalamu 60. Tsiku loyamba la sabata ndi lolemera: kukankha ndi miyendo pa 45 mpaka 48, maseti asanu a katatu, kupuma mphindi zitatu pakati, ndipo ulendo uliwonse chiziyambira pa matayala. Tsiku lachiwiri ndi lopepuka: 36 mpaka 40, kuchikweza pachifuwa kamodzi kokha kenako kukankha ndi mapewa okha kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, maseti anayi. Maseti onse akatheka bwino, onjezani makilogalamu awiri kapena awiri ndi theka sabata yotsatira, ogawa mofanana mbali zonse. N'chifukwa chake jimu iliyonse iyenera kukhala ndi tizitsulo ta kilogalamu imodzi; kudumpha ndi makilogalamu 10 ndiko kumaimitsa anthu pamalo amodzi miyezi yambiri. Sabata yachinayi iliyonse chepetsani maseti ndi theka kuti zigongono ndi mapewa zipume. Kuyesa mphamvu zonse kuzichitika kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, osati Loweruka lililonse chifukwa kwabwera alendo.

Musanayambe tenthetsani thupi mphindi khumi: kuzunguliza mikono, kunyonyomala opanda katundu, ndi maseti awiri kapena atatu opepuka. Ntchito zothandizira musankhe malinga ndi pamene mukulephera. Wolephera kudzuka nacho kuchoka pantchafu anyonyomale atanyamula chitsulo kutsogolo pachifuwa, ndiponso azikoka chipika chowerama kuchifikitsa pamimba, kakhumi pa seti. Amene chimamugwetsera kutsogolo azingochisunga pachifuwa masekondi 10 akupuma pang'onopang'ono, ndi kudzikoka pa mtanda. Wolephera pamwamba alimbitse kumbuyo kwa mikono pokankha pa benchi manja atayandikana, kapena pa benchi yotsamira. Ife timaona kuti pa anthu athu msana wa kumtunda ndiwo umatsalira kwambiri, chifukwa zaka zonse akhala akukankha pa benchi osakoka kanthu. Pa seti iliyonse yokankha pazikhala seti yokoka.

Mawu kwa amene ntchito yawo ndi yonyamula kale, monga onyamulira alendo katundu kukwera phiri kuchokera ku Likhubula, otsitsa matabwa pamutu, ndi othyola tiyi osenza dengu kumsana tsiku lonse. Miyendo ndi msana muli nazo, ndipo chipika mudzachikweza pachifuwa msanga kuposa anzanu. Koma mapewa ndi zigongono sizinazolowere kukankha m'mwamba, ndiye musatengeke ndi kupepuka kwa gawo loyambalo. Tsiku lolemera muziliika pamene mawa lake simukwera phiri. Atsikana ndi amayi nawonso chipika ndi chawo; kanyamulidwe ndi komweko, kusiyana ndi kunenepa kwa mtengo basi.

Chakudya sichifuna za m'mabotolo. Munthu wa makilogalamu 70 amene akulimbitsa thupi amafunika pafupifupi magalamu 110 a zomanga thupi (mapuloteni) patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Pa usipa wouma, kuposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi, soya pisi pafupifupi theka, ndipo nandolo, nyemba ndi mtedza zimaonjezera. Nsima, mbatata, chinangwa ndi nthochi zipereke mphamvu, tulo tikhale ta maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Majakisoni ndi mapiritsi otupitsa minofu amene amagulitsidwa mobisa amakweza magazi ndi kuononga mtima ndi chiwindi, ndiponso minofu imakula msanga kuposa mitsempha, zomwe pa chipika zimathera pa kuduka kuja tanena. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, la mtima, khunyu kapena chophuka, aonane kaye ndi dokotala, chifukwa kugwira mpweya pansi pa katundu kumakweza magazi kwambiri kwa kanthawi. Ululu wobaya pamwamba pa phewa kapena dzanzi lotsikira m'zala si kutopa wamba. Siyani ndipo mukapimitse.

Chipika chiziyenderedwa sabata iliyonse musanayambe. Gwedezani zogwirira, mangitsani manati ndi malamba, yang'anani ming'alu. Mng'alu waung'ono wa kumapeto ndi wachibadwa, koma umene wafika pa bowo la chogwirira kapena wadutsa khoma la mphako watha ntchito ya chipikacho. Chikhale nkhuni, musachimange ndi waya n'kupitiriza. Ufa wa mtengo ukamagwa pansi pake ndiye kuti chikufumbwa mkati. Chizisungidwa pouma, pamwamba pa njerwa.

Pomaliza, akonzi, tikupempha eni majimu a maboma a Mulanje ndi Thyolo kuti agwirizane pa muyeso umodzi, masentimita 30 kwa abambo ndi 25 kwa amayi ndi achinyamata, zogwirira zotalikirana 62, kuti zimene munthu wakweza pa Chitakale zifanane ndi zimene wina wakweza ku Luchenza. Zikatero mpikisano wa pakati pa majimu ndi wosavuta kukonza, ndipo a zamasewera m'maboma athu angauike pa ndondomeko yawo popanda ndalama zambiri. Pafunika chipika chopimidwa pa sikelo m'mawa wa tsikulo anthu akuona, matayala awiri, wotchi, chingwe chotchingira oonerera mamita atatu mbali zonse, ndi woweruza mmodzi woima kutsogolo chapatali. Opikisana agawidwe potengera kulemera kwa thupi. Pa mpikisano wa kulemera, aliyense apatsidwe mwayi katatu, kulemera kukukwerakwera. Pa mpikisano wa kuchuluka, apatsidwe masekondi 60, ulendo uliwonse kuyambira pa matayala, ndipo uziwerengedwa pokhapokha zigongono ndi mawondo zawongoka, mapazi ali pa mzere umodzi, ndipo woweruza watsitsa dzanja. Wogoneka chipika pamutu kapena wochiponya asawerengeredwe ulendo umenewo.

Ophunzitsa masewera onyamula zitsulo,
Chitakale, Mulanje